Variety ya chimanga chokha sitipulumutsa

Mawu akuti variety timawamva kawirikawiri. Kusukulu tinkachita variety show: ena kuvina, ena sewero, ena ndakatulo. M'mashopu a mbewu pa Chongwe wogulitsa amafunsa kuti, "Mufuna variety iti?" Apa akutanthauza mtundu wa chimanga: chocha msanga, chapakati kapena chochedwa.

Mawuwa anachokera ku liwu la Chilatini lakuti varius, kutanthauza chinthu cha mawangamawanga. Analowa m'Chingelezi m'zaka za m'ma 1500, kutanthauza zinthu zosiyanasiyana zili pamodzi. Tanthauzo lakuti mtundu umodzi wa mbewu linabwera pambuyo.

Ife tagwiritsitsa tanthauzo lachiwirili, loyamba lija n'kuliiwala. Mlimi akagula matumba atatu a mayina osiyana timati wasakaniza, pomwe zonsezo ndi chimanga, ndipo chonse chimafuna mvula pa nthawi ya ngayaye.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse: mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga anali atawonongeka. Dzuwa silinawerenge dzina la pathumba. Ku Lusaka tinalimvera pa mtengo wa unga.

Makolo athu Asoli kuno ku Chongwe ankalima mapira, mbewu yopirira dzuwa, ndipo m'minda yakale simunkasowa nyemba, maungu ndi nshawa. China chikafa, china chinkatsala. Variety yeniyeni ndi imeneyo.

Ena adzati izi n'za alimi, osati za achinyamata a m'tauni. Koma mlimi amabzala chimene chili ndi msika, ndipo msikawo ndi ife. Tikamati nsima ya mapira ndi ya osauka, kandolo ndi chakudya cha kumudzi, tikamadya mpunga n'kunena kuti "sitinadye" chifukwa sitinagwire nsima yoyera, mlimi wa ku Chalimbana adzabzaliranji zina?

Sitikuti chimanga chitayidwe. Tikuti mukapita ku Soweto Market sabata ino, gulaniko unga wa mapira kapena wa chinangwa musakanize ndi wa chimanga. M'mawa wina kandolo alowe m'malo mwa buledi. Mbale zathu zikakhala za mawangamawanga, minda nayo idzatsatira, ndipo chilala chikadzabweranso sichidzatipeza tatsamira mbewu imodzi.