Kuopseza woimbira mpira ndi mlandu

M'mabwalo athu a mpira kuno ku Lundazi, mawu akuti "tikumana panjira" sachedwa kutuluka. Woimbira akangopereka penate, wosewera amamulumphira, chibakera m'mwamba, maso ali psuu, mphumi zitatsala pang'ono kugundana. Anzake akamukoka, tonse timati zatha, poti palibe wamenyedwa.

Lamulo siliona choncho. Malinga ndi malamulo amene Zambia inatengera ku England, ukachititsa munthu kuona kuti umumenya pompopompo, walakwa kale, ngakhale dzanja lako lisamukhudze. Gawo 247 la Penal Code limalola khoti kukutsekera chaka chimodzi. Wolonjeza zoopsa za mawa, amene chibakera chake chikadali m'thumba, naye sanapulumuke: gawo 90 limaletsa kuopseza munthu kuti umuvulaza.

Ena amati zam'bwalo zimathera m'bwalo. Amatchula Serena Williams, amene mu 2009 pa mpikisano wa US Open anaopseza mayi woyang'anira mzere, nalipitsidwa madola 82,500 ndi akuluakulu a tenisi, osaponda kukhoti. Zoona. Koma mayi uja anali pakati pa makamera ndi alonda. Ngakhale woimbira wathu Janny Sikazwe, atathetsa msanga masewero a Tunisia ndi Mali ku Cameroon mu Januwale 2022, a Tunisia atamuzinga ndi ukali, anatuluka m'bwalo achitetezo ali uku ndi uku.

Woimbira wakumudzi amamuperekeza ndani? Nthawi zambiri amakhala mphunzitsi kapena mnyamata wongodzipereka. Wezulo wagula yekha, bwalo lilibe mpanda, ndipo dzuwa likapendeka amakankha njinga yake m'kanjira komweko ka m'chimanga kamene adzere womuopseza uja. Kadi yofiira imatulutsa munthu m'bwalo, koma siimuchotsa m'kanjira kameneko. Mtima umandiwawa ndikamva anthu akuseka woimbira kuti ndi wamantha chifukwa waimbira mokomera eni bwalo. Munthuyo akuganiza za ulendo wake wobwerera kwawo.

Sindikufuna kuti aliyense wokalipa pa mpira amangidwe. Kudandaula mokweza n'kwina, kuopseza n'kwina. Koma wosewera akakweza dzanja kapena kulonjeza kuvulaza, okonza masewerowo apite ndi woimbirayo kupolisi madzulo omwewo, atenge ndi mboni ziwiri zimene zinamva mawuwo. Akamusiya yekha sapita, chifukwa womuopsezayo ndi wa mudzi woyandikana nawo, mwinanso mlamu wake.