X11 Ikuyenera Kuthokozedwa Isanapume pa Ntchito

Mu 2025 kampani ya Red Hat inatulutsa Red Hat Enterprise Linux 10 yopanda seva ya X.Org, pulogalamu imene kwa zaka zambiri yakhala ikujambula mazenera pa sikirini za makompyuta a Linux. Malo ake atengedwa ndi Wayland, ndipo magulu ena opanga Linux akulowera komweko. Ife sitikutsutsa kusinthaku. Chimene tikufuna n'chakuti X Window System, pamodzi ndi anthu amene anaipanga ndi kuisamalira, ayamikiridwe asanaiwalike. Iwo analemba poyera malamulo a mmene pulogalamu imalankhulirana ndi sikirini, n'kuwapereka kwaulere kwa aliyense, pa nthawi imene makampani ambiri ankabisa zoterezi kuti kasitomala asathawire kwina.

Zinayambira ku Massachusetts Institute of Technology, ku America. Mu 1983 sukuluyi inakhazikitsa Project Athena mothandizidwa ndi makampani a DEC ndi IBM, kuti ophunzira azigwiritsa ntchito makompyuta ambiri olumikizidwa pa netiweki imodzi. Chovuta chinali chakuti makinawo anali ochokera kumakampani osiyanasiyana, ndipo aliwonse ankajambula zinthu pa sikirini mwanjira yawoyawo. Mu 1984 Bob Scheifler anatenga pulogalamu ya W yochokera ku yunivesite ya Stanford n'kuikonzanso, ndipo iye ndi Jim Gettys anatsogolera ntchito yopanga X. Mtundu wa 11, wotchedwa X11, unatuluka mu Seputembala 1987, ndipo ndi womwewo umene ukugwirabe ntchito mpaka lero.

Nzeru yawo yagona pa kulekanitsa pulogalamu imene ikugwira ntchito ndi zipangizo zimene munthu wakhala nazo patsogolo pake, monga sikirini, kiyibodi ndi mawusi, zimene seva imayang'anira. Mbali ziwirizi zimangotumizirana mauthenga: jambula mzere apa, lemba chilembo ichi, munthu wadina batani lakumanzere. Mauthengawo alibe nazo ntchito kaya akuyenda m'kati mwa kompyuta imodzi kapena pa waya wopita kunyumba ina. Ankatha kudutsa pa TCP/IP kapena pa DECnet. Ngakhale makina amene amasanja manambala mosemphana ankamvana, chifukwa pulogalamu ikangolumikizana imayamba yanena kasanjidwe kake, seva n'kumatembenuza pamene pakufunika. Ndiye chifukwa chake pulogalamu yoyenda pa makina a VAX okhala ndi VMS inkatha kuonekera pa sikirini ya kompyuta ya Sun yoyendera Unix, munthu n'kumaigwiritsa ntchito ngati ili pomwepo.

Luso lokha silikanakwanira. Kampani ya Sun inali ndi njira yakeyake yotchedwa NeWS, imene akatswiri ambiri ankaigomera, koma inali m'manja mwa kampani imodzi ndipo siinapite patali. X inatuluka ndi layisensi yolola aliyense kuikopera, kuisintha ngakhale kuigulitsa. Makampani amene ankalimbirana msika anagwirizana mu X Consortium kuyambira 1988, popeza palibe ankaopa kuti mnzake amutsekera khomo. Opanga X anadziletsanso pa chinthu china: sanalamule maonekedwe a mazenera kapena mabatani. Anapereka zida zokha, n'kusiya ena asankhe maonekedwe, ndipo pamaziko amenewa panamangidwa Motif, KDE ndi GNOME. Mu 2004, gulu la XFree86, limene linkasamalira seva ya X pa nthawiyo, litasintha layisensi yake mwanjira imene ambiri sanagwirizane nayo, olemba mapulogalamu anangosamukira ku X.Org Foundation ntchito n'kupitirira. Zikanakhala kuti zonse zinali za kampani imodzi, mkangano umenewo ukanatha kupha ntchito yonse.

Amene apindula kwambiri ndi anthu a makina ofooka. Linux Terminal Server Project, imene inayamba mu 1999, inathandiza masukulu m'mayiko ambiri kudzutsa makompyuta akale amene anali oti atayidwe. Kompyuta imodzi yamphamvu inkayendetsa mapulogalamu onse, makompyuta akalewo n'kumangoonetsa zithunzi ndi kulandira zimene ana akulemba. Lerolino wofufuza amene ali ndi laputopu wamba amalemba ssh -X, n'kutsegula pulogalamu yojambula magirafu imene ikuyenda pa kompyuta yaikulu ya yunivesite ina. Ngati laputopu yake ndi ya Windows amaikamo Xming kapena VcXsrv, ngati ndi ya Apple amaikamo XQuartz, ndipo salipira kalikonse.

Komabe, walira mvula walira matope. X inapangidwa pa nthawi imene anthu a pa netiweki imodzi ankadziwana ndi kukhulupirirana. Mauthenga ake amayenda osabisika, ndipo pulogalamu iliyonse imene yaloledwa kulumikizana ndi seva ingathe kuona zimene munthu akulemba m'mazenera ena, ngakhale mawu achinsinsi. Anthu ambiri ofulumira ankalemba xhost + n'kutsegulira dziko lonse khomo osadziwa. SSH, imene Tatu Ylönen anapanga ku Finland mu 1995, inathetsa vuto la kubisa mauthenga panjira, koma siinathetse vuto la mapulogalamu osuzumirana.

Vuto lachiwiri ndi la mtunda, ndipo ife a kuno tikulidziwa bwino. Pulogalamu ya X imafunsa seva mafunso ambiri n'kumadikira yankho lililonse isanapitirire. M'nyumba imodzi kudikirako sikuoneka. Koma uthenga wochokera ku Lilongwe kupita ku Ulaya umayenera kudutsa kaye m'mayiko oyandikana nawo kuti ukafike ku mawaya a pansi pa nyanja, ndipo zenera limodzi likhoza kukudikiritsa mpaka kutopa. Pa mtunda wotere njira zina zimachita bwino. VNC, imene inapangidwa mu labotale ya Olivetti ku Cambridge, imatumiza chithunzi cha sikirini m'malo mwa malangizo ojambulira. RDP ya Microsoft, imene inayamba mu 1998, nayonso imapirira netiweki yoyenda pang'onopang'ono. Komanso mapulogalamu amakono amadzijambulira okha zithunzi n'kuzitumiza zathunthu, choncho phindu lotumiza malangizo aafupi linachepa.

Omwe ankasamalira X nawonso anaona zofooka zimenezi. Kristian Høgsberg, amene anayambitsa Wayland mu 2008, ankagwira ntchito pa X.Org, ndipo anzake ambiri anapita naye. Apanso akuyenera kuyamikiridwa, chifukwa sanataye ogwiritsa ntchito akale panjira. Anapanga Xwayland kuti mapulogalamu a X11 aziyendabe, ndipo waypipe imalola pulogalamu ya Wayland kuonekera pa kompyuta yakutali. Ngakhale Microsoft, pofuna kuti mapulogalamu a Linux azionekera pa Windows mu 2021, inagwiritsa ntchito Xwayland, seva ya Wayland yotchedwa Weston, ndi RDP pamodzi. Inatha kutero chifukwa malamulo a X11 ndi a Wayland ndi olembedwa poyera.

Pempho lathu likupita kwa amene amagulira masukulu, zipatala ndi maofesi makompyuta ndi mapulogalamu. Musanasaine pangano, funsani ngati malamulo amene pulogalamuyo imalankhulira ndi olembedwa poyera, ndiponso ngati munthu wina kupatula wogulitsayo angathe kupanga chida cholankhula nayo. Makina amene X11 inayambira, a VAX ndi a Sun, analeka kupangidwa kalekale, ndipo makampani a DEC ndi Sun anagulidwa ndi ena. Koma pulogalamu yolembedwa motsatira malamulo a 1987 ingathe kuonekerabe pa laputopu yogulidwa chaka chino. Ndalama za boma ndi za makolo zikuyenera kugula zinthu zolimba motero.