Phula lafika padoko, nanga wolumala adzafika liti kunyanja?

Inu akhonsolo ya boma la Nyasa, inu makhansala a ku Kihagara, Liuli ndi Mbamba Bay, tatiuzani: munthu woyenda pa njinga ya olumala amasewera kuti kuno?

Musayambe zoti kulibe ndalama zomangira nyumba ya masewera olimbitsa thupi. Palibe wapempha chinyumba cha magalasi. Nyanja ili pakhomo, yaulere, ndipo m'madzi ndi momwe mwendo wofooka umapepukira, munthu n'kutakasa thupi osalemedwa. Chotchinga ndi mchenga. Timatayala takutsogolo ta njinga timatitimira pomwepo, ndodo imazama mpaka mwiniwake kupendama, mapeto ake bambo wandevu zake amaberekedwa kumsana, asodzi akuonerera. Ambiri amangoti bola kukhala pakhonde.

Msewu wa phula wochokera ku Mbinga, makilomita 66, unatsika mapiri onse aja mpaka ku Mbamba Bay. Mu 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anadzaika mwala wa maziko a doko latsopano. Katundu ndiye wapeza njira yake yofikira kumadzi. Nanga kanjira ka simenti kodutsa pamchenga kakukanikani pati? Kanalowapo m'bajeti ya chaka chiti? Anakachotsamo ndani? Kapena sikanatchulidwepo n'komwe?

Lamulo loteteza anthu olumala lilipo kuyambira 2010. Chaka cha 2009 Tanzania inavomereza pangano la United Nations la ufulu wawo, ndipo ndime 30 imakamba za masewera ndi zosangalatsa. Zaumbuli musanamizire.

Tikudziwa mutikumbutsa za ngongole, zoti pa ndalama zomwe khonsolo imatolera, magawo 2 pa 100 alionse amapita kwa olumala. Zabwino. Koma wolumala anabadwira kugulitsa usipa basi? Thupi lake silifuna thukuta lamasewera?

Timu ya Tembo Warriors, anyamata osewera mpira ndi mwendo umodzi, inakafika ku World Cup ku Istanbul mu 2022, dziko lonse n'kuombera m'manja. Mnyamata wa ku Kihagara yemwe anaduka mwendo pa ngozi ya bodaboda angakayesedwe pa bwalo liti? Mphunzitsi wake ndi ndani? Ikafika nyengo ya masewera a sukulu za pulayimale a UMITASHUMTA, mwana wosaona amasewera nawo, kapena ndi uja amasiyidwa pansi pa mtengo kulondera zikwama za anzake? Mpira wokhala ndi tizitsulo tolira mkati, sukulu zingati m'boma lino zili nawo? Tsiku la mganda, wachialubino mumamukonzera mthunzi, kapena asankhe yekha pakati pa gule ndi khungu lake?

Zonsezi si za mabiliyoni. Dziko lomwe likumanga masitediyamu a AFCON ya 2027 silingalephere matumba angapo a simenti, kachitsulo kogwirira ndi chimbudzi cha khomo lotakata pafupi ndi bwalo.

Pa msonkhano wanu ukubwerawu wokonza bajeti, mwaitana olumala angati? Ndipo chipinda chomwe mumakumaniranamocho angalowemo osanyamulidwa?