Dotolo yemwe adatembenuza funso

Mumzinda wa Nashville, m'dziko la America, muli chipatala cha sukulu ya ukachenjede ya Vanderbilt. M'chaka cha 2007 chipatalachi chidayamba kusunga chinthu chomwe zipatala zambiri zimataya: magazi otsala m'kabotolo wodwala akatha kupimidwa. Magaziwo ankawalumikiza ndi mbiri ya matenda a mwini wake yomwe idali kale m'kompyuta, atafufutamo dzina ndi keyala. Nkhokweyi, yomwe adaitsogolera ndi Dr Dan Roden, adaitcha BioVU. Komatu nkhokwe, ingadzaze bwanji, siphika nsima. Amene adasonyeza kaphikidwe kake ndi dotolo wina wa pachipatala pomwepo, Dr Joshua Denny, katswiri wa makompyuta komanso wa matenda.

M'magazi muli DNA, malangizo achibadwa amene munthu amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Tizigawo ta malangizowa asayansi amatitcha majini. (Si majini aja ogwira anthu kumudzi, dzina lokha ndilo lafanana.) Mlimi sasowa kumuuza zambiri pano, pakuti amadziwa kuti chimanga china chimakonoleka bwino pomwe china chimangophwanyika mumtondo, ndipo kusiyanako kumayenda ndi mbewu. Anthu nafenso timasiyana pamalo ena ndi ena m'malangizo athu, ndipo kusiyana kwina kumachititsa kuti wina adwale msanga shuga kapena mtima, wina ayi.

Kale ofufuza ankayambira pa nthenda. Ankasonkhanitsa anthu zikwizikwi odwala nthenda imodzi, ndi ena zikwizikwi osadwala, n'kuyerekeza DNA yawo. Ntchitoyi inkadya zaka ndi ndalama, koma yankho lake linkakhala la nthenda imodzi yomweyo. Denny adatembenuza funsolo. Iye adati tiyambire pamalo amodzi a DNA, kenaka tifunse mabuku a chipatala kuti anthu obadwa ndi kusiyana kumeneku akhala akudwala chiyani. Njirayi adaitcha PheWAS.

Chimene chimandikoka mtima ndi zipangizo zomwe adagwiritsa ntchito. Ku America nthenda iliyonse imene dotolo wapeza imalembedwa ndi nambala yake kuti kampani ya inshuwalansi ilipire. Manambalawo sadalembedwere sayansi; adalembedwera bilu, ndipo ambiri ankakayika ngati mungatuluke choonadi m'zolemba za m'chipinda cha akalaliki. Denny ndi anzake adawasanja manambalawo m'magulu a matenda. M'chaka cha 2010 adafalitsa zomwe adapeza mwa odwala 6,005, atayang'ana malo 5 a DNA ndi magulu 776 a matenda. Pa mfundo 7 zimene sayansi inkazidziwa kale za malowo, njira yawo idapeza 4 payokha. Mu 2013 adabwereza ndi anthu 13,835, malo 3,144 ndi matenda 1,358. Ulendo uno, pomwe padali odwala okwanira, adatsimikizira mfundo ziwiri mwa zitatu zilizonse zodziwika kale, napezanso zina 63 zooneka zatsopano.

Ophunzira ali ndi muyeso wawo wa kutchuka: amawerenga kuti anzako akutchula kangati m'zolemba zawo. Ine muyeso umenewo sindiukhulupirira kwenikweni, chifukwa munthu angatchulidwe kambirimbiri ndi anthu omutsutsa. Khasu labwino limadziwika poti anansi amalibwereka. PheWAS idabwerekedwa ndithu: ofufuza a nkhokwe ya UK Biobank ku Britain, yomwe ili ndi anthu pafupifupi 500,000, aigwiritsa ntchito, chimodzimodzinso a ku Finland ndi ku Japan. Pabedi la wodwala napo padasintha kanthu. Kuyambira 2010 a ku Vanderbilt, Denny ali m'gulumo, adayamba kupimiratu majini a odwala ena a mtima. Mankhwala a clopidogrel, oletsa magazi kuundana, sagwira bwino mwa anthu ena chifukwa cha chibadwa chawo. Dotolo akati awalembe, kompyuta inkamuchenjeza nthawi yomweyo kuti uyu mumpatse ena.

Koma pali mawu amodzi m'zolemba za 2010 ndi 2013 amene owerenga a kuno sayenera kuwalumpha. Anthu onse aja adali a mtundu wa azungu. Ili silidali vuto la Denny yekha: kauniuni wa mu 2016 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse amene adalowa m'kafukufuku wa majini wa mtunduwu padziko lonse, 81 adali ochokera kwa makolo a ku Ulaya ndipo 3 okha ndiwo adali a makolo a ku Africa. Chonsecho Africa ndiye kumene majini a anthu ali osiyanasiyana kuposa kwina kulikonse.

Zotsatira za mpata umenewu zimamveka m'thupi. Anthu ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara amabadwa opanda kachizindikiro kena ka pamagazi kotchedwa Duffy, zomwe zimawateteza ku mtundu wina wa malungo wotchedwa vivax. Anthu otere amaoneka ndi maselo oyera a magazi ocheperapo, koma sakudwala. Vuto n'lakuti mulingo wa munthu wabwinobwino udatengedwa makamaka pa azungu. Mu 2021 ofufuza a ku Vanderbilt ndi a zipatala zina, pofananiza mabuku a odwala ndi DNA yawo, adapeza kuti mwa anthu akuda amene adaboledwa fupa kuti apimidwe mafuta a m'kati pa chifukwa chimodzi chokha cha maselo oyera ochepa, pafupifupi onse adali a chibadwa chimenechi, ndipo pafupifupi onsewo adapezeka alibe nthenda. Adamva ululu wa singano pachabe.

Alangizi a zaumoyo akukumbukiranso efavirenz, mmodzi mwa mankhwala otalikitsa moyo amene ambiri ku Malawi adamwa asadasinthidwire ku dolutegravir kuyambira 2019. Ena ankadandaula chizungulire ndi maloto oipa, ena osamva kanthu. Kale mu 2004 Dr David Haas, wa ku Vanderbilt komweko, adali atasonyeza kuti pali chibadwa chochedwetsa thupi kuchotsa mankhwalawa, ndipo chimapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Odandaula aja sankanama.

Mu 2020 Denny adayamba kutsogolera All of Us, ntchito ya boma la America yofuna kusonkhanitsa magazi ndi mbiri ya matenda ya anthu 1 miliyoni, makamaka a magulu amene kafukufuku ankawasiya. Mu 2024 adafalitsa DNA yonse ya anthu 245,388, pafupifupi theka lawo asali azungu, ndipo mudapezeka kusiyana kokwana 275 miliyoni komwe kudali kusadalembedwepo. N'zoyamikika. Koma makolo a anthu akuda a ku America ambiri adachokera kumadzulo kwa Africa. Mlomwe, Msena kapena Mnsenga sangadzione yense m'galasi limenelo. Ofufuza a bungwe la H3Africa atawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'maiko 13 a mu Africa, adalengeza mu 2020 kuti apeza kusiyana kwatsopano koposa 3 miliyoni.

Nkhani ya magazi, monga mudziwa inu oyenda m'midzi, si yoseweretsa. Mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu kum'mwera kwa Malawi mu 2017. Ngakhale ku Nashville, poyamba magazi otsala ankasungidwa pokhapokha mwini atakana; kuyambira 2015 adayamba kupempha chilolezo cholembedwa. Aliyense wofuna kuchita zotere kuno adzayenera kuyamba wakhala pansi ndi mfumu ndi anthu ake, n'kufotokoza kumene magaziwo akupita, wosunga makiyi, ndi chomwe mudzi udzaonepo.

Mabuku a m'kompyuta si achilendo kwathu. Ku Lilongwe a Baobab Health adaika makompyuta ogwira ndi chala pachipatala chachikulu mu 2001, ndipo ku Zambia kuli SmartCare. Komabe mbiri ya odwala ambiri ikadali m'kabuku ka kuchipatala ndi m'kaundula wa mlangizi. Njira ya Denny imawerenga zimene zidalembedwa basi. Pamene kutentha thupi kulikonse kwalembedwa kuti malungo osapima, pamene zaka za wodwala n'zongoganizira, kapena munthu mmodzi ali ndi timabuku titatu ta maina osiyana, kompyuta idzawerenga zomwezo n'kuzilumikiza ndi majini olakwika.