Mwana wa papulazi apatsidwe satifiketi asanaonane ndi majisitireti

Lamulo la ana ku Zimbabwe, Children's Act, limati mwana wozolowera kujomba kusukulu, kapena amene makolo amulephera, angathe kukaonekera kukhoti la ana. Majisitireti amamva lipoti la ofisala woona za chisamaliro cha anthu, n'kugamula kuti mwanayo abwerere kwawo koma ofisalayo azimuyang'anira, apo ayi atumizidwe kosinthira khalidwe monga ku Northcot ya ku Mount Hampden kapena ku Kadoma Training Institute. Papepala n'zomveka. Koma talinyamulani lamuloli mupite nalo m'makomboni a mapulazi a ku Mazowe, Banket ndi Karoi.

Ana ambiri kumeneko ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, aja amanyozedwa kuti mabhurandaya mpaka lero. Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000 ntchito zinatha, ndipo ana ambiri anayamba kuphunzirira m'mabalani a fodya ndi m'nyumba zakale za azunguwo. Mu 2001 lamulo la unzika linasiya makolo ambiri opanda dziko. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza unzikawo, inde, koma mayi wopanda chitupa satifiketi yakubadwa ya mwana wake aitenga bwanji? Ndipo wopanda satifiketiyo amavutika kulembetsa mayeso a Grade 7. Ndiye mwana wa zaka 12 alawirirenji m'mame, m'mimba mulibe kanthu, kulondola mayeso amene mwina sadzalemba?

Kumene ana ojombawa ali tikukudziwa. Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch linafotokoza za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Mashonaland, ena akudwala ndi chikonga cha m'masamba, ena akujomba nyengo yokolola. Anzawo ali m'maenje a golide ku Mazowe ndi Shamva. Amenewa si ana osamva ayi, akusaka ufa wa pakhomo.

Boma lili ndi BEAM, thumba lolipirira fizi ana osauka kuyambira 2001, koma ndalama zake zimafika mochedwa. Boma lomwelo mu 2020 linakhwimitsa lamulo la maphunziro moti kholo lolepheretsa mwana sukulu likhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Kuopseza amafulumira, kulipira ayi.

Sindikunena kuti khoti la ana lilibe ntchito. Mwana womenyedwa pakhomo kapena wokwatiwitsidwa ali wamng'ono akufunika majisitireti lero lomwe. Koma kuika mwana wosankha fodya m'manja mwa ofisala wokhala ku Bindura kapena ku Chinhoyi, amene kufika papulazipo n'kwa apo ndi apo, n'kungodzaza mafayilo.

Akuluakulu a kalembera apite okha m'makomboni akalembe ana amenewa, ndipo Unduna wa Zachuma utulutse ndalama za BEAM teremu isanayambe. Mwana akadzajomba ali ndi satifiketi, fizi italipiridwa, pamenepo muitaneni majisitireti.