Nzeru za Pakhomo: Wi-Fi Ikafooka Musafulumire Kutaya Ndalama

Masiku ano mabanja ena m'midzi agula kabokosi kochedwa rauta, kuti azimva mitengo ya soya ndi mtedza, azidziwa za mvula, ndi kulankhula ndi ana ao amene ali ku Johannesburg. Koma ambiri adandaula kuti ndalama za bandulo zingopita, uthenga osafika. Tsono lero tikambe za kabokosi kameneka.

Poyamba mudziwe kuti ulendo wa uthenga uli pawiri. M'kabokosi muli simukhadi ya Airtel kapena TNM, ndipo kamalandira mafunde ochokera ku nsanja ya kampani. Uwu ndi ulendo woyamba, wa mtunda wautali. Pamenepo kabokosi kamawaza mafunde ena aafupi m'nyumba mwanu. Amenewa ndiwo Wi-Fi, dzina limene linayamba m'chaka cha 1999. Uwu ndi ulendo wachiwiri. Wosadziwa ichi amanga nsanza kumwendo pamene chilonda chiri padzanja.

Kulumikiza sikubvuta ai. Tsegulani Wi-Fi pa lamya yanu, sankhani dzina la kabokosi kanu, nimulembe mau achinsinsi. Kawirikawiri dzina ndi mauwo zalembedwa pa kapepala kunsi kwa kabokosi kapena m'kati pafupi ndi batire.

Nanga zikayamba kuchedwa? Yambani mwaona ngati bandulo ikalipo. Ngati iripo, zimitsani kabokosi, muwerenge kufikira 30, nimukayatsenso. Chikapitirira, imani pafupi ndi kabokosi, lamya iri m'manja, muyese.

Ngati pafupi pomwepo zichedwabe, bvuto liri pa ulendo woyamba. Funsani anzanu kumene kuli nsanja, pakuti safunsa anadya phula. Ikani kabokosi pa zenera loyang'ana komweko, pamalo okwera, nimuone ngati timizere kapena tinyali take taonjezeka. Dziwaninso kuti madzulo anthu ambiri amadalira nsanja imodzi, monga amai pa mjigo. Chinthu chachikulu muchitenge m'mamawa.

Koma ngati pafupi ziyenda bwino, nizifooka mukapita kuchipinda kapena pakhonde, bvuto liri m'nyumba mwanu. Adani a Wi-Fi ndi atatu: chitsulo, madzi ndi khoma lochindikala. Malata amabweza mafunde, madzi amawamwa, ndipo khoma liri lonse la njerwa limawachepetsa mphamvu. Chifukwa chake musabise kabokosi m'sutikesi yachitsulo, kapena kuseri kwa mgolo wa madzi, kapena pansi pa bedi. Kaikeni poyera, pa shelefu, kosagunda denga la malata. Musakasiye padzuwa, pakuti kutentha kumaononga batire.

Timabokosi tina timaonetsa maina awiri, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz. La 5 GHz liri ndi liwiro koma silipita patali. La 2.4 GHz lipyola makoma bwino koposa linzake. Mukakhala kutali ndi kabokosi sankhani limeneli.

Tsopano mau aakulu ndi awa. Kabokosi kali ngati mbale imodzi ya nsima: manja akachuluka, ali yense adya pang'ono, ndipo mbale itha msanga. Mwana mmodzi woonera kanema angathe kumaliza bandulo imene ikadakwanira mauthenga a banja lonse masiku ambiri. Ndiponso mau achinsinsi mukauza mnansi mmodzi, mawa mudzi wonse wawadziwa. Muwasinthe, akhale a zilembo ndi manambala zosachepera 8, ndipo lisakhale dzina la mwana wanu kapena la mudzi. Mukafuna kuthandiza mnansi, ndi bwino ndithu, koma mupangane za kusonkherana ndalama.

Inu a sola, tchajani kabokosi masana dzuwa likali lamphamvu. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, kachotseni ku waya wa magetsi.

Yesani zonsezi musanagule kabokosi kena kapena kulipira munthu. Ndalama ya mlimi ibwera kamodzi pachaka, ndipo ya feteleza isathere pa chinthu chimene chikadakonzeka ndi kusuntha kabokosi kuchoka pansi kupita pa zenera. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya mawa.