Musathamangire makina, yambani ndi puleni ndi sowo

Mnyamata amene waphunzirako ukalipentala m'komboni akangogwira kandalama, mtima wake umathamangira ku makina. Afuna drilo ya malaiti, afuna sowo yozungulira yolira mpaka kwa aneba. Ine ndikuti dikirani. Ngati ndalama ndi yochepa, ndipo kwa ambiri a ife ndi yochepadi, gulani kaye zida za manja zolimba. Makina adzabwera pambuyo.

Chifukwa choyamba tonse tinachiona ndi maso mu 2024. Mvula itakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo ZESCO inafika pothimitsa malaiti maola 21 pa tsiku. Amene anadalira makina okha anakhala pa benchi kudikira malaiti a pakati pa usiku, ena anathera phindu lonse pa petulo ya jenereta. Amene anali ndi puleni, sowo ndi tchizulo anapitiriza kupanga mipando dzuwa lili pamutu. Vutoli silinali lachilendo, tinaliona mu 2015 ndi mu 2019. Ndani angalumbire kuti silidzabweranso?

Chachiwiri ndi ichi: makina otchipa ndi okwera mtengo. Drilo yopanda dzina imaoneka bwino m'katoni, koma ikapsa mota zopangira zake sizipezeka, ndipo ndalama yapita. Ndalama yomweyo ikanagula puleni yachitsulo yakale, ya Stanley kapena Record, imene mwana wanu adzaigwiritsanso ntchito. Zida zogwiritsidwa kale si zamanyazi. Timavala salaula tonse, nanga puleni yakale yalakwa chiyani? Chofunika ndi kudziwa kusankha. Itembenuzeni muone ngati pansi pake ndi posalala, ndipo pafupi ndi potulukira mpeni pasakhale mng'alu. Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni, sandipepa amachotsa. Pa sowo yang'anani mano. Ngati ndi akuda kunsonga, anawaumitsa ku fakitale, tupa siingawanole, akabuntha ndiye kuti sowoyo yatha. Sowo ya mano wamba munganole nokha zaka ndi zaka.

Poyambira simufunika zambiri: sowo imodzi, puleni imodzi, matchizulo awiri kapena atatu, hamala, tepi, sikweya, ndi mwala wonolera. Mwalawo musauone kuchepa. Tchizulo chobuntha chimang'amba thabwa, chimatopetsa mkono, ndipo ndicho chimateleleka n'kucheka chala. Kalipentala wosadziwa kunola sanayambe ntchito.

Ndalama imene mwasunga posagula makina ikani pa matabwa, chifukwa kasitomala sakhalira drilo yanu, amakhalira mpando. Ku Buseko mudzapeza paini wochokera ku Copperbelt, wofewa ndi wotsika mtengo, komanso mukwa, wolimba ndipo chiswe sichiukonda. Kaya mwagula uti, onetsetsani kuti ndi wouma. Thabwa laliwisi limalemera, ndipo likamauma limapindika n'kutsegula molumikiza monse. Tebulo imene munapereka ili bwino imayamba kugwedera patapita miyezi iwiri, dzina lanu n'kugwedera nayo. Ngati mwagula aliwisi, asanjikeni pamthunzi, muike timitengo pakati kuti mphepo idutse, ndipo mudikire.

Kwa ife a ku Kanyama, Chawama ndi George, kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, nkhani ya matabwa si ya kukongola chabe. Kabati ya chipboard ikanyowa m'munsi imafufuma ngati buledi, ndipo siikonzeka. Kabati ya thabwa lenileni, yokhala ndi miyendo yoikweza pang'ono kuchoka pansi, mumaipukuta n'kuiumitsa. Mayi amene wasonkha chilimba miyezi isanu kuti agule kabati ayenera kuuzidwa kusiyana kumeneku asanalipire.

Ndikudziwa zimene ena adzanena, ndipo amazinenadi akatiimbira foni pa wailesi: manja amachedwa, kasitomala sadikira. Ndi zoona. Munthu amene ali ndi oda ya madesiki a sukulu sangapale thabwa lililonse ndi puleni. Koma kugwiritsa ntchito makina si kukhala ndi makina. Pali amisiri amene ali ndi makina akuluakulu, mumawalipira pa thabwa, akupalirani ndi kukuchekerani, inu n'kukamalizitsa kwanu. Pitani mukaone ku Kalingalinga mumsewu wa Alick Nkhata, kumene mabedi ndi makabati amayalidwa m'mbali mwa msewu. Chimene chimasiyanitsa bedi yabwino ndi yoipa kumeneko si phokoso la makina, ndi molumikiza. Amene amaboola mwendo ndi tchizulo n'kulowetsamo thabwa linzake ndi guluu, bedi yake imakhala. Amene amangomenya misomali, mwaona nokha mmene imaliralira usiku.

Makina aakulu tigule pamodzi. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya magulu a achinyamata ndi amayi, ina ndi yolipirira maphunziro a luso. Akalipentala khumi a ku Matero kapena Mtendere atalembetsa kopaletivu yawo n'kupempha makina amodzi olimba kudzera ku komiti ya wadi, angapindule kuposa aliyense kugula kadrilo kake ndi ndalama ya kaloba.

Choncho inu achinyamata, ndi inu amene mumangofuna kudzipangira shelefu Loweruka, musayambe ndi ngongole. Gulani sowo ndi puleni, phunzirani kunola, pangani kampando kamodzi kosagwedera. Aneba akakhalirapo, oda yachiwiri idzabwera yokha.